Vidiyo ya Malemu Bambo a Kalebe

"Kalebe, wafufuta vidiyo ya malemu bambo ako m'foni mwanga, mwana woipa iwe," anatero Nachisale.

"Amayi, foni inadzaza. Yeniyeniyo imasungidwa pa intaneti, umu munali kope chabe. Ndiyitsitsanso."

Anakwera pachulu pomwe netiweki ya ku Kasakula imagwira, mayi ake ali pambuyo.

Koma vidiyo inabwera yoyambirira, yosadula mbali imene Nachisale analamula kale kuti ichotsedwe. M'mbali imeneyo, bambowo anali chigonere pamkeka pafupi ndi chigafa cha fodya, akutsokomola. Kenako anamveka mawu a Nachisale: "Tadzukani inu, fodya akuonongeka. Matenda abodza basi."

Vidiyoyo itajambulidwa, bambowo anamwalira mawa lake.

Nachisale anakhala pansi pachulupo. "Paja ndinati uchotse. Anaiuza ndani intaneti yakoyo kuti izisunga zonse? Ndiyankhe."