Nyumba ya pa Chithunzi

"Chitseko chapita kuti?" anafunsa Yoswa atangotula chikwama pakhonde, kumudzi kwa mkazi wake m'mapiri a Ntchisi.

"Ndagulitsa," Lenia anayankha akumwetulira. "Munda ndapatsa achemwali, udzu wapadenga amalume adzasasula mawa. Nanga si mwabwera kudzatitenga, bambo a Lidia?"

Anatulutsa chithunzi chimene Yoswa anatumiza chaka chatha, ataima pakhomo pa nyumba yamalata ku Lilongwe, dzanja lili pachitseko ngati mwini wake.

Yoswa anakhala pansi. Nyumbayo anangomanga nawo, monga zina zambiri za mu likulu latsopanolo. Chikwerereni lendi ku Kawale, iye ankagona m'nyumba zosatha, pamatumba a simenti. Nyumba ikangopakidwa penti, ankasamukira m'ina. Tsopano ntchito inali itatha, ndipo anabwerera ndi bulangete limodzi ndi khadi la chipani, podziwa kuti kumudzi kokha ndiko kulibe lendi.

"Mudzi wonse wachiona chithunzichi," Lenia anapitiriza. "Ana ayamba kale kulimbirana zipinda. Zilipo zingati?"

Yoswa anayang'ana khomo lopanda chitseko lija.

"Zinayi," anatero motopa. "Njerwa zake ndinayala ndekha."