Foni Yogulitsa pa Intaneti Pokha

"Za masitolo n'zachikale, alamu," anatero mkulu wa zamalonda, akukaniza mlamu wake, mwini sitolo ya mafoni, mafoni atsopano a kampani yawo. "Awa tigulitsa pa intaneti pokha."

M'mawa wa tsiku lotsegulira malondawo, akuyeserera zolankhula pagalasi la kubafa, foni yake inapulumuka m'manja n'kugwera m'ndowa ya madzi. Sinayakenso. Atsopano aja anali kutali, kosungira katundu.

Anatulukira kusitolo kwa mlamu wake thukuta lili kamukamu.

"Alamu, ndigulitseni foni iliyonse, msanga."

"Ndili ndi a kampani yopikisana nanu okha," anayankha mlamuyo, uku akupukuta kauntala mosafulumira. "Kapena muitanitse yanu pa intaneti?"

Masanawo, mkulu uja analengeza kutha kwa masitolo pa foni ya adani ake, lisiti lili m'thumba.