Mkazi wa m'Kanyumba ka Overton

Msewu unathera pachipata cha nkhalango, kwinako kunali koyenda pansi. Constance anatsika galimoto atavala nsapato zake za kutchalitchi, matope n'kuzimeza nthawi yomweyo. Anatsonya. A Rodrick, nkhoswe ya banja lake kuno ku Mangalande, anatsogola mwakachetechete ngati akupita kumaliro.

Constance anachoka ku Ntcheu atalumbira kuti utsi wa nkhuni sudzamulizanso misozi. Anaphunzira unesi, anakwera ndege, anagwira mashifiti m'chipatala ku Leeds mpaka anapeza nyumba ya njerwa yofunda ndi kabatani chabe. Ndiye tsiku lina mwamuna wake Overton, munthu wa madigiri awiri a zankhalango, anabwera mano ali mbee kuti wapeza ntchito yosamalira nkhalango kumpoto kwa mzinda, ndipo amupatsa kanyumba ka mitengo kogonamo pakati pa sabata. Eti kanamangidwa ndi anthu odula mitengo kalekale, ndipo alendo amachokera kutali kudzakajambula.

Azungu nawo ali ndi zawo. Umphawi akaupaka vanishi amati ndi mbiri yakale. Kwathu munthu wogona m'khumbi lotere amamumvera chisoni, koma kuno amamusirira. Overton ankati kumeneko kuli bata, umadzutsidwa ndi mbalame, mpweya ukununkhira utomoni. Constance anamuyankha kuti mbalame anazimva zokwanira ali mwana, ndipo phazi lake silidzapondako. Kwa chaka chathunthu anasunga mawu ake.

Chinamubweretsa lero ndi Millicent wa ku kwaya. Iye anapita kukayenda m'nkhalangomo ndi ana ake, naona chitenje pachingwe ndi munthu wamkazi atawerama kuseri kwa kanyumbako. Anajambula chitenjecho pafoni, ndipo pofika Lamulungu mpingo wonse unali utachiona. Overton nayenso anali atayamba kudumphitsa masabata osabwera kunyumba. Constance anaitana a Rodrick kuti akaone ndi maso awo, ukwati ukathere pomwepo pamaso pa mboni.

Kanyumbako kanaonekera pakati pa mitengo ya paini, kakuda, kopendekeka, ndere zitamera padenga. Chitenje chinalipodi. Pabwalo panali posesa bwino ndi tsache la timitengo, mizere yake ikuonekabe. Nkhuni zinasanjidwa mpaka pazenera. Chapambali panali mafuwa atatu akuda ndi mwaye, ndi kadimba ka mpiru kotchingidwa ndi nthambi.

Constance ankayembekezera kamtsikana ka ku yunivesite, kapena mzungu wokonda mbalame. Izi zinamunyansa koposa.

"Taonani, a Rodrick," anatero mokweza kuti wa m'katimo amve. "Munthu kukwera ndege mtunda wonsewu kudzaphikira pamafuwa. Imeneyi ndi mbuli yotola kumudzi, ngakhale dzina lake singathe kusaina. Ine kundisinthanitsa ndi chinthu chotere?"

A Rodrick anamupempha kuti atsitse mawu, popeza mlandu sagamula asanamve mbali zonse. Anangotaya malovu awo. Constance anali ataona kale kashedi kosungiramo macheka ndi nkhwangwa, chitseko chake chili chotsegula. M'katimo munali matiresi, bulangete lomwe iye mwini anagula pamsika wa ku Leeds, ndi jekete la Overton pamsomali.

Apa ndiye anaseka mpaka kugwira nthiti. Ndiye kuti mkaziyo anali atamuthamangitsa kale m'nyumba, bambo wa madigiri awiri akugona ndi mafosholo. Chikondi cha m'thengo chimenecho. Koma pansi pa kusekako mtima unkamuwawa, chifukwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu za ukwati si chinthu chotaya ngati madzi otsukira mbale. A Rodrick sanaseke nawo. Anayang'ana matiresiwo, anayang'ana kanyumbako, kenaka anavula chipewa.

Overton anatulukira kuseri atasenza chipika. Anachitula pang'onopang'ono, napereka moni kwa a Rodrick ndi manja awiri. Sanaoneke wamantha ngakhale pang'ono, ndipo zimenezi zinangothira mafuta pamoto. Constance anamuuza kuti sanabwere kudzamwa tiyi, atulutse mkazi wakeyo anthu amuone. Overton anayankha modekha kuti iye m'nyumbamo salowa, amathera pakhonde, ndipo ngati akufuna agogode yekha.

"Mwamva? Mpaka akumuopa," Constance anauza a Rodrick. Anakwera pakhonde ndi matope ake onse, namenya chitseko ndi chikhatho. "Tuluka, mayi wa pamafuwa, tikuone nkhope."

Chitseko chinatseguka mosafulumira. Amene anaima pamenepo, ndodo m'manja, duku kumutu, anali amayi ake a Constance omubereka, omwe iye anakawasiya kunyumba yosungirako okalamba ku Rotherham mwezi wa Januwale.

"Akamwini angawa anakanditenga pa Isitala," anatero mayiwo mosakweza mawu. "Ndinawaletsa kukuuza. Ndimati ndione kuti udzapita liti kukandizonda n'kupeza bedi lilibe munthu. Uno ndi Okutobala, mwana wanga."