Wodwala Wosang'amba Malaya

"Wamisala wanji wotsuka mbale?" anafunsa mwamuna wina wa kumipando yakumbuyo filimu itangotha, holo yonse n'kufa nacho chiseko.

Mtsikana amene anajambula filimuyo anangowerama n'kulemba m'kope. Anali m'chaka chomaliza pakoleji, ndipo aphunzitsi anali atanenetsa kuti wosamvera maganizo a oonera adzabwereza chaka.

"Azing'amba malaya, azithamangitsa ana," anawonjezera mayi wina. "Uyu wafatsa ngati mkulu wa mpingo. Satha kusewera ameneyu."

Mtsikanayo sanawauze kuti munthu wa m'filimuyo sankasewera. Anali bambo ake omubereka, amene kwa zaka zisanu ndi zinayi ankameza mapiritsi m'mawa uliwonse, n'kumaimba nyimbo zotamanda Mulungu chapansipansi kuti mawu a m'mutu mwawo atonthole.

Anajambulanso. Anapeza mnzake wa zisudzo, namudzoza phulusa, namuveka sanza, namuuza kuti azikuwa ngati munthu uja wa m'Malembo wokhala kumanda.

Tsiku loonetsa kachiwiri anthu anaomba m'manja ataimirira. Aphunzitsi anamugwira chanza, nati wakhoza.

Bambo ake anakhalabe pampando wakutsogolo, atavala jekete yawo ya kukwaya. Anthu atatuluka, anamukodola.

"Mwanangu, unati filimuyi ikunena za ine. Zikandigwira sindikumbukira kanthu, ndiye sindingakutsutse." Anapukuta magalasi. "Ukawauze anzanga akwaya kuti Lamulungu asandidikire. Zaka zonsezi ndakhala ndikuimirira kutsogolo kwa mpingo, osadziwa kuti ndimaoneka chonchi."