Kiyi ya Chipinda cha Loja

"Nyumbayo ndi yanga! Apolisiwo ndinawatsegulira ndekha!" anakuwa Mayi a Nasiri, atakakamira mkono wa loya wa boma pakhomo la khoti.

"Nyumba ndi yanu, mayi, koma chipindacho akuchita lendi ndi loja wanu, Admire. Apolisi analowamo popanda chilolezo cha khoti. Woweruza waukana mpeni umene anaupezamo, ndipo umboni wina tilibe. Admire amumasula."

"Mpeni umene Admire anaphera Nasiri wanga? Angouyang'ana chabe, bambo, ndagwira mwendo wanu!"

Loyayo anachotsa mkono wake pang'onopang'ono.

Mayiwo atafika kwawo ku Tafara, anapeza Admire atakhala pakhonde. Mnyamatayo anaimirira n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Mwaswera bwanji, mayi? Ndaona mwasintha loko. Mundipatseko kiyi ya chipinda changa."