Mabelo a Mayi Ezelina

Panali munthu wina ku Simlemba, dzina lake Fundo, bambo wa mwana mmodzi, amene anaphunzira kompyuta kusukulu ya madzulo. Alimi a fodya anamusankha kukhala mlembi wa makalabu awo. Ntchito yake inali yotulutsa pepala: kalabu iliyonse mzere wake, mayina a alimi atalumikizidwa pamzerewo. Wotsogola pamzere, mabelo ake ndiwo ankayamba kukwera lole ya ku okushoni.

Aphunzitsi ake, a Gladness, anali atamuchenjeza kale: "Ukamauza kompyuta kuti ilumikize mayina a pagulu, uziiuza pomwepo kuti iwasanje potsata tsiku limene aliyense anabweretsa fodya. Ukapanda kutero, imangotola mmene yawapezera."

Tsiku lina Fundo akuthamangira kusikelo ndi mwana, kunabwera Duncan, mnzake wa kuubwana, wodziwanso makompyuta.

"Achimwene, pitani ndi mwanayo, pepalali ndimalizitsa ine. Mawu osanjawa akungochedwetsa makina, ndiwachotse. Kompyuta ili ndi m'bale?"

Fundo anaseka n'kunyamuka.

Duncan anachotsadi mawuwo. Anafufuta mayina a kalabu imodzi n'kuwalembanso, kuyambira alamu ake atatu. Masiku sanawakhudze. Fundo atabwerako, anangosayina osawerenga.

Lole inadzaza. Mabelo a mayi Ezelina, amasiye a m'kalabu yomweyo amene anabweretsa fodya moyambirira, anatsala m'shedi yodontha. Patatha masabata atatu anali atachita nkhungu.

Mayiwo anafika ndi tsamba lowola m'manja.

"Fundo mwanawanga, amayi ako akudwala ndinakubereka kumsana ine. Lero wandiika kumchira?"

Fundo anabwezera mawu osanja aja m'kompyuta. Dzina la mayi Ezelina linatulukira patsogolo, alamu a Duncan kumapeto. Anathamangira kwa Duncan, nam'peza akumwa tiyi pakhonde.

"Iwe, tinkadya mbale imodzi. Wandichita chiyani?"

Duncan anapemerera tiyi wake. "Pepala lija anasayina ndani, achimwene?"

Alimi anam'chotsa Fundo paulembi. Chaka chimenecho anakakonzera mayi Ezelina nazale popanda wom'tuma. Mayiwo ankam'patsa madzi akumwa, koma sanam'tchulenso mwanawanga.

Phunziro: Mukalumikiza mayina a pagulu, iuzeni kompyuta chosanjira, ndipo werengani musanasayine. Makina sakondera, koma wokhala pamakinawo ali ndi alamu ake. Tumizirani mlembi wa kalabu yanu nkhaniyi lole isanabwere.