Ndevu Zoyera Pachibwano

Bambo wina ankamvetsera pamene namwino wa pachipatala cha khungu ankafotokozera mkazi wake.

"Makina a leza, owotcha tsitsi ndi kuwala, amachotsa msanga, mayi, koma amangogwira tsitsi lakuda. Ndevu zoyerazi zimafuna singano yamagetsi, imodziimodzi. Zimatenga chaka ndi theka."

Dzulo lake dokotala wa khansa anali atawauza kuti mayiyo watsala ndi miyezi itatu.

"Singanoyo," anatero mayiyo.

"Mayi a ana, chaka ndi theka?" ananong'oneza bamboyo.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikuzizula ndekha kubafa, inu osadziwa. Ndikalephera kudzuka azizula ndani? Alamu anga adzazione pondisambitsa?"

Bamboyo ankadziwa za ndevuzo kuyambira chaka choyamba cha ukwati wawo. Sanaulule.

"A namwino," anatero bamboyo, "yambani lero."